Mapazi Pansi pa Basi

Ku Chongqing, pa nsanjika ya khumi ndi chinayi,
kumene nkhungu imameza milatho m'mawa n'kuilavula masana,
ntchito yanga ndi kuphunzitsa mchenga kuona.

Ndi mchengadi. Adauwotcha, kuuyenga, kuucheka,
mpaka udasanduka katchipi kosaposa chikhadabo.
Bwana Kuang amakaonetsa kwa eni ndalama
ngati dzino loyamba la mwana wake.
Amati: aka kadzayendetsa galimoto miliyoni,
sikaodzera, sikalawa mowa, sikanyamuka kunyumba katakwiya.
Iwo amaseka, n'kusaina.

Ine ndimatsala ndi zithunzi.
Iyi ndi njinga. Uyu ndi munthu.
Ili ndi jumbo louluka ndi mphepo, usaime.
Uyu ndi mwana wafunda jumbo pothawa mvula,
ima, ima, ima.
Mpunga wa m'katoni umazizira pa desiki
mpaka alonda atasinthana.

Bambo anga, Ran Dexiu, adayendetsa basi zaka makumi atatu ndi chimodzi
m'zitunda za mzinda uno,
botolo la tiyi pambali pa giya, thaulo m'khosi.
Lero ng'ala yawaphimba diso lamanzere.
Laisensi adaikulunga mu mpango wa malemu amayi.
Amandifunsa: Qiuyan,
yafika pati ntchito yako yochotsa anzanga ntchito ija?
Ndimangowasendera lalanje.

Lamulungu lina ndidawakweza m'galimoto yoyesera.
Chiwongolero chinkadzipotokola chokha
ngati chagwidwa ndi mzukwa waulemu.
Adakhala chouma, manja pa mawondo,
phazi likusakasaka buleki pomwe palibe buleki.
Tidaoloka Jialing osalankhulana.
Galimoto idamvera maloboti,
idapatsa njira mnyamata wa njinga yamoto wonyamula msuzi wa anthu.
Mtima udayamba kundikula.

Pa siteji ya kumsika panali basi itaima.
Ife tikuidutsa, liwiro lomwe lija.
Bambo adakuwa: Chepetsa!

Palibe adatulukira. Msewu unali mbee.
Koma iwo thukuta kamukamu.

Kanthu kakoka kali ndi maso khumi ndi awiri, adatero,
koma sikadziwa poyang'ana.
Basi ikaima, usayang'ane basiyo.
Suzumira pansi pake, pakati pa matayala.
Funa mapazi.
Mapazi amalowa mumsewu mutu usanaoneke.

Kenaka adatchula chaka,
adatchula ngodya ya msewu,
ndi nsapato: zofiira, zing'onozing'ono, chingwe chimodzi chomasuka.
Tsiku limenelo adaima patatsala chikhato chimodzi.
Amayi adapita kumanda osaimva nkhaniyi.

Usiku womwewo ndidabwerera ku ofesi.
Ndidafukula makanema a maola zikwizikwi
kusaka za mumdima wa pansi pa mabasi:
nsapato za sukulu, masilipasi,
nsonga ya ndodo ya nkhalamba, miyendo ya galu,
chilichonse ndikuchizinga ndi kabokosi kobiriwira.
Miyezi inayi.
Bwana Kuang ankati fakitale ikudikira ine ndekha,
opikisana nafe sagona,
ndipo ankanena zoona.

M'lipoti mudalowa manambala ndi mizere yokwera.
Dzina la bambo mulibe.
Katchipi katsopano kadzatuluka m'chipinda chopanda fumbi
m'manja mwa anthu ovala zoyera mpaka kumaso,
kadzapita kumizinda yomwe sitidzapondako.
Kumeneko galimoto ina idzachepetsa liwiro pambali pa basi
popanda chifukwa chooneka,
wokwera adzatsonya, adzayang'ana wotchi.

Za anzawo aja sindidawayankhebe.
A Tuo, mnzawo wa zaka zonse, ali ndi ngongole ya takisi
ndi mwana ku koleji.
Ndikawaona pa njuga ya madzulo ndimadzera njira ina.

Dzulo bambo adati: kakuyang'ana pansi tsopano?
Ndidati eya.
Adatafuna lalanje pang'onopang'ono, n'kulavulira njere m'dzanja.
Nanga ambulera? Munthu wa ambulera saona kumanzere.
Nanga mpira? Mpira sugubuduka wokha,
mwini wake ali pambuyo.
Bwera ndi cholembera, adatero,
zilipo zambiri, ndipo diso linali layambanso kuchita chifunga.